Zizimba Zitatu za Medson

Medson anali ndi digiri ya zamakompyuta, koma kwa zaka zinayi ankangokonza mafoni m'kashedi ka malata ku Biwi. Makalata ofunsira ntchito analemba osawerengeka, ambiri osayankhidwa n'komwe. Chomwe chinkamudya mtima kwambiri chinali Enerst, mnzake wa ku koleji, amene tsopano ankakhala ku Area 47. Akamadutsa pa Biwi ankangoliza hutala, galasi osatsitsa.

Tsiku lina kampani ina ya ku City Centre inalengeza kuti ikufuna munthu mmodzi wolemba mapulogalamu a pakompyuta, malipiro ake oti munthu n'kumanga nyumba chaka chimodzi. Mayeso anali atatu: olemba pa intaneti, opanga pulogalamu mabwana akuonerera, kenako intaviyu. Ofunsira anapitirira mazana atatu.

Medson anapita ku Mgona kwa Mayi Zipora, amene kumaso ankagulitsa makala, kuseri n'kumatemera anthu mphini. Mayiwo anamumvetsera uku akusenda chinangwa, kenako anamufunsa ngati akudziwa munthu woitha ntchitoyo kuposa iye. Medson anatchula msuweni wake wamkazi Tiwale, mphunzitsi wa makompyuta ku Kawale, amene Loweruka lililonse ankamukonzekeretsa mayesowo ulere.

"Nzeru sindipanga ine, bambo, ndimangosamutsa," anatero mayiwo. "Mayeso atatu, zizimba zitatu. Choyamba tsitsi lake. Chachiwiri magazi ake. Chachitatu mudzamva mukafika."

"Nanga ndikalekera panjira?"

"Mutu wina udzalowa m'malo. Si mwabwera ndi umodzi?"

Tsitsi silinavute, analitola pa chipeso cha Tiwale. Mayi Zipora anamutemera nalo Medson pankhongo, ndipo pa mayeso oyamba anaposa onse. Sabata yomweyo Tiwale anayamba kudandaula mutu, n'kumaiwala mayina a ana a m'kalasi mwake.

Magazi anawapeza pa siteji. Tiwale akukwera minibasi, Medson anakankha chitseko ndi mphamvu zake zonse dzanja la msuweni wake lili pomwepo. Zala ziwiri zinathyoka. Anamupukuta ndi mpango, Tiwale akulira uku akupepesa kuti wamudetsera mpangowo. Pa mayeso achiwiri zala za Medson zinkathamanga zokha pa laputopu. Ntchito ya maola awiri anaimaliza m'mphindi makumi awiri, ndipo anatsala anthu awiri okha opita ku intaviyu.

Atabwerera ku Mgona, Mayi Zipora anamupatsa hamala yokulungidwa m'nsanza yofiira.

"Zotsalazo zili m'chibade mwake. Kachitseguleni m'mawa wa tsiku la intaviyu."

Medson anakana, n'kuisiya hamalayo pamakala. Mayiwo sanamukakamize. Koma kuyambira tsiku lomwelo Medson anayamba kukha kamfuno. Tsiku lachiwiri anaiwala nambala yotsegulira foni yake. Lachitatu anayang'ana laputopu, zilembo n'kumaoneka ngati nyerere zobalalika. Anabwerera kukatenga hamala ija.

M'mawa wa intaviyu anafika ku Kawale atavala jekete. Anapeza Tiwale ali pakhonde, dzanja lili m'bandeji, kuntchito atamuimitsa kaamba ka kuiwalaiwala. Tiwale anamulandira mosangalala, n'kumuuza kuti akayankhe mofatsa, ndipo funso likamuvuta asakaname. Ataona fumbi pa nsapato za Medson anawerama kuti amupukute ndi chitenje. Medson anamumenya pankhongo ndi hamala ija. Tiwale anagwada, n'kutembenuka kumuyang'ana. Medson anamenyanso kawiri mpaka fupa linalira. Mayi wina woyanika zovala kuseri kwa mpanda anaona zonse ndipo anakuwa, koma Medson anali atadumphira kale pa njinga yamoto ya kabaza.

M'chipinda cha intaviyu munali mabwana atatu. Wamkulu wawo anamupempha kuti afotokoze mmene anapangira pulogalamu ija mofulumira chotero. Medson anatsegula pakamwa, koma panatuluka mawu achikazi.

"Asuweni, ndakulakwirani chiyani?"

Anatsokomola n'kuyesanso, mawu omwewo. Anamufunsa dzina lake, mawu omwewo. Anadziluma lilime mpaka magazi anadontha pa satifiketi yake, kenako anayamba kumenyetsa mutu pa tebulo kuti mawuwo atuluke. Alonda awiri anamukokera kunja.

Anayenda wapansi mpaka ku Biwi, akulankhulabe mawu a Tiwale njira yonse. Pa shedi yake anapeza anthu a ku Kawale akumudikira, uthenga utafika kale kuti Tiwale watsirizika asanafike kuchipatala. Anayamba ndi miyala, ena njerwa. Wina anagubuduza tayala kuchokera ku galaja, wina anabweretsa petulo m'botolo. Apolisi pofika anapeza utsi ndi fungo lokha. Ntchito ija anaipatsa mayi wina dzina lake Fatimah, amene pa intaviyu funso lina anangovomera kuti sakulidziwa.

Inu amene mukuyenda ndi maenvulopu m'tauni muno, kusowa ntchito n'kowawa, koma wosowa ntchito amagona n'kudzuka. Chuma chimene chizimba chake ndi m'bale wako sichidyeka, ndipo dyera likamaliza wina limatembenukira mwini wake.