Kadzenje pa Mwendo wa Amayi

Esinala amakhala ku Maseya, kufupi ndi dambo. Ali mu Sitandade 2. Chaka chatha, Esinala ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi ake asakagonenso kuchipatala.

Amayi anali atangobereka mwana wamwamuna. Dzina lake ndi Daliso. Daliso ankayamwa bwino. Ankalira mokweza. Koma Amayi sanali bwino.

Akayenda pang'ono, ankatopa. Akasesa pang'ono, ankapuma wefuwefu. Akagona chagada, ankabanika. Miyendo yawo inatupa. Nsapato zawo zinakana kulowa.

Anthu anati, "Ndi uchembere umenewo. Zitha zokha."

Koma sizinathe.

Bambo ake a Esinala ndi a Geresomo. Iwo ndi msodzi. Esinala amawaitana kuti Ababa. Ababa anapita ndi Amayi kuchipatala cha kuboma. Amayi anagonekedwa kumeneko masiku ambiri. Daliso anali nawo konko. Pakhomo panali zii.

Adokotala anauza Ababa kuti, "Mtima wa akazi anu wafooka. Izi zimachitikira amayi ena akabereka. Palibe amene walakwa."

Kenako Amayi anabwerera kunyumba. A Prudence anabwera kudzawaona. A Prudence ndi namwino wa pachipatala chaching'ono cha kwawoko.

"Mankhwala muzimwa tsiku lililonse," anatero a Prudence. "Musasenze madzi. Musasinje. Mwana asakwere kumsana kaye. Ndipo mchere ayi. Mchere umasunga madzi m'thupi. Madzi akachuluka, mtima umavutika."

A Prudence anaitana Esinala. "Bwera kuno, iwe. Bweretsa chala chako."

Anaika chala cha Esinala pa mwendo wa Amayi. "Dina apa. Tsopano chotsa."

Esinala anadina. Anachotsa chala. Pa mwendo panatsala kadzenje.

"Waona?" anatero a Prudence. "Kadzenje aka kakutiuza kuti madzi achuluka. Kakatha, ndiye kuti zikuyenda. Kakapanda kutha, amayi ako akagonanso kuboma."

Esinala anayang'ana kadzenje kaja. Sanakakonde.

Azakhali Emmie ndi achemwali awo a Ababa. Amakhala nyumba yoyandikana nayo. Iwo anayamba kuphika ndi kuchapa. Anatenga mchere wonse wa m'nyumba. Anauika m'chitini. Anabisa chitinicho kudenga.

Ababa anasiya kugula bakayawo, nsomba zouma za mchere zija. Ankabweretsa milamba yaiwisi ya kudambo.

"Tonse tizidya zofanana," anatero Ababa. "Amake Esinala asamadye okha zosakoma."

Ababa analawa ndiwo. Anatafuna, natafunanso.

"Zili bwanji?" anafunsa Amayi.

"Zili ngati ndikutafuna thonje," anayankha Ababa.

Amayi anaseka pang'ono. Kenako anatsokomola.

M'mawa uliwonse Amayi ankamwa mankhwala. Ankatunga madzi mumtsuko ndi kapu. M'mawa uliwonse Esinala ankagwada pamphasa. Ankadina. Ankachotsa chala. Kadzenje kankatsala.

Mawa lake ankadinanso. Kadzenje kankatsalabe.

Azakhali anayang'ana Ababa. "Achimwene, kodi simukuwapatsa mchere mobisa?"

"Ine?" anatero Ababa. "Chitini chili ndi inu, achemwali. Mwina dzanja lanu linazolowera."

"Musakangane," anatero Amayi. "Mchere sindinalawe ngakhale pang'ono."

A Prudence anabweranso. Anadina mwendo wa Amayi. Anapukusa mutu.

"Mudzabwere kusikelo ikubwerayi," anatero. "Zikadzakhala chonchi, ndidzakutumizani kuboma."

Esinala anamva. Anapita kuseri kwa nyumba. Anakhala pansi.

Tsiku lina kunatentha kwambiri. Esinala anatenga botolo la madzi popita kusukulu. Sukulu yawo ili kutali ndithu. Pa nthawi yopuma, mnzake Chancy anabwera. Chancy amakhala pafupi ndi sukulu.

"Ndigaireko madzi, Esinala. Kumjigo kuli mzere."

Esinala anamupatsa botolo. Chancy anamwa. Nthawi yomweyo analavula.

"Aaa! Amenewa ndi madzi kapena msuzi?"

"Ndi madzi!" anatero Esinala.

"Muli mchere umu! Kwanu mumamwa ndiwo eti?"

"Bodza! Kwathu mchere tinabisa kudenga."

"Ndiye unagwera mumtsuko," anatero Chancy uku akuseka.

Esinala anakwiya. Analanda botolo lake. Anamwako. Anali madzi a masiku onse. Kenako anapita kumjigo wa pasukulu. Anamwa ndi manja. Anamwanso pang'onopang'ono. Madzi awa anali opepuka pakamwa.

Esinala anataya madzi a m'botolo. Anadzazamo madzi a pasukulu. Anatseka kwambiri.

Poweruka dzuwa linali pamutu. Mchenga unkaotcha kumapazi. Esinala anamva ludzu. Anayang'ana botolo. Koma sanamwe.

Anafika pamjigo wa m'mudzi mwawo. Panali mbuzi. Mbuzizo zinkanyambita pansi. Esinala ankaziona tsiku lililonse. Lero anaima.

Pansi pamenepo panali zoyerayera. M'mbali mwa simenti munalinso zoyerayera. Esinala anapalako ndi chala. Analawa.

Unali mchere!

Esinala anathamanga. Anapeza Ababa akusoka ukonde pansi pa mtengo wa nimu. Anatenga makapu awiri. M'kapu imodzi anathira madzi a mumtsuko. M'kapu ina anathira madzi a m'botolo.

"Ababa, lawani."

"Ndilawe chiyani?"

"Madzi. A kwathu kuno ali ndi mchere."

"Madzi ndi madzi, mwanawe," anatero Ababa. "Ine ndinakulira madzi omwewa."

"Chonde, Ababa. Ingolawani."

Ababa anaika ukonde pansi. Anamwa a pasukulu. Anamwa a mumtsuko. Anabwereza a pasukulu. Anabwerezanso a mumtsuko.

Kenako anaitana, "Achemwali, tabwerani kuno."

Azakhali analawa makapu onse awiri. Anagwira pakamwa.

"Mayo ine!" anatero. "Ine kukwera pampando kubisa mchere kudenga. Chonsecho mchere uli phee mumtsuko!"

"Timamwa omwewa," anatero Amayi ali pamphasa. "Timaphikira omwewa. Ndi mankhwala omwe ndimamwera omwewa."

Onse ankadziwa kuti madzi a kwawo ndi olemera. Sopo sachita thovu msanga. Nyemba zimachedwa kupsa. Koma anali atazolowera. Akamva za mchere, ankangoganiza za wa m'chitini.

"Tisathamange," anatero Ababa. "Tikafunse kaye anamwino."

Ababa anatenga njinga. Esinala anakwera kumbuyo. Ananyamula madzi a mumtsuko m'botolo.

A Prudence analawa. Anakwinya nkhope.

"Zoona," anatero. "Mijigo ina kuno kuchigwa ili ndi mchere. Mtima wofooka sufuna zimenezi. Mwachita bwino kubwera. Wazindikira ndani?"

"Uyu," anatero Ababa. "Iye pamodzi ndi mbuzi."

A Prudence anaseka. "Amayi azimwa madzi a pasukulu. Muziwaphikiranso omwewo. Asamwe ambiri nthawi imodzi. Koma mankhwala asasiye. Madzi okha sachiza mtima. Ndiwauzanso adokotala, aone ngati mankhwala akukwana."

Ababa anakapempha kwa a komiti ya mjigo wa pasukulu. A komiti anavomera.

Tsopano ntchito inakula. Ababa ankachoka kudambo atatopa. Ankamangirira zigubu panjinga. Ankapalasa mpaka kusukulu. Chancy ankathandiza kupopa.

"Ndikupopera amayi ako," ankatero Chancy. "Iwe uzimwabe msuzi wako uja."

"Popa, usalongolole," ankayankha Esinala.

Azakhali anagula mtsuko watsopano. Anaumanga kansalu kofiira m'khosi. Umenewu unali mtsuko wa Amayi. Adokotala nawo anasintha mankhwala pang'ono.

M'mawa Esinala anagwada pamphasa. Anadina. Anachotsa chala. Kadzenje kanatsala.

Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Usalire," anatero Amayi. "Mtima wanga suthamanga ngati iwe. Umayenda pang'onopang'ono. Tiudikire."

Esinala anadikira. M'mawa uliwonse ankadina. Kadzenje kanayamba kuchepa. Amayi anayamba kugona osabanika. Anayamba kuyenda mpaka pakhonde.

Tsiku la sikelo linafika. Esinala anagwada pamphasa. Anadina. Anachotsa chala.

Panalibe kadzenje.

Anadina mwendo winawo. Panalibenso kadzenje.

"Azakhali! Ababa! Kathawa!"

"Chathawa n'chiyani?" anafunsa azakhali.

"Kadzenje!"

Esinala anathamangira kuchipinda. Anabweretsa nsapato za Amayi. Anazipukuta fumbi. Amayi analowetsa phazi limodzi. Linalowa. Analowetsa linalo. Linalowanso.

Kusikelo, a Prudence anamvetsera mtima wa Amayi. Anadina miyendo. Anawaimika pasikelo.

"Kuboma simukagona," anatero. "Mtima sunachire wonse. Koma ukupeza mphamvu. Mankhwala muzimwabe. Kwa adokotala muzipita tsiku lanu likakwana."

"Nanga mwana?" anafunsa Amayi. "Ndingamubereke?"

A Prudence anaganiza. "Pang'ono pokha. Mukatopa, mutsitseni."

Atafika kunyumba, Amayi anatenga nsalu. Azakhali anaika Daliso kumsana kwawo. Amayi anamanga nsalu bwinobwino. Aka kanali koyamba.

Anayenda pang'onopang'ono. Esinala anali pambali pawo. Anachoka pakhonde. Anadutsa pa mtondo. Anafika pa mtengo wa nimu. Anakhala pansi pamthunzi. Sanapume wefuwefu.

Ababa anabweretsa madzi a mumtsuko wa kansalu kofiira. Anapatsa Amayi. Kenako anagwira mutu wa Esinala. Anamuthokoza m'Chisena.

"Takhuta, mwananga."

Amayi anamasula Daliso. Anamuika pamiyendo. Esinala anayang'ana mwendo wa mlongo wake. Unali waukulu, wofewa. Anaudina ndi chala. Anachotsa.

Panalibe kadzenje.

"Uyu sanatupe," anatero Esinala. "Wangonenepa."

Amayi anaseka kwambiri. Ulendo uno sanatsokomole.