Sopo Wakuda Pamwamba pa Chitseko

Mwamva kale zoti Zelifa wa ku Utale anamugwira ndi mankhwala Chester, wometa uja wa ku Liwonde? Aliyense wakhala akunong'ona zimenezi, kuchigayo, pamjigo, ngakhale m'minibasi za ku Balaka. Ena mpaka akuti anachiona ndi maso chithumwacho, chakuda bii, chomera tindevu toyera! Khalani pansi ndikuuzeni bwinobwino, chifukwa ambiri nkhaniyi akuiyambira pakati.

Awiriwa anakumana padepoti ya Balaka, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Zelifa anali ndi beseni la sopo wakuda amene amapanga ndi azakhali ake, a Modester. Sopo wake si wosalala ngati wa m'golosale iyayi. Ndi zibuluma zofewa, zonunkhira phulusa, zokulunga m'masamba ouma a nthochi.

Chester ankadikira minibasi, makina ometera atsopano ali m'manja, kolala ya malaya ataikweza mpaka m'makutu.

"Achimwene, kutentha konseku mwadziphimba chonchi bwanji?" anafunsa Zelifa.

"Ndi fasho, chemwali."

"Fasho kapena ziphuphu za lezala? Ndaziona kale. Mumameta anzanu koma inu eni ake khosi ngati chitsononkho!"

Chester anaseka mwamanyazi. Zelifa anatola chibuluma chimodzi n'kumuika m'manja.

"Mvetsetsani. Osakhula nacho pankhope, amakanda ameneyu. Nyemani pang'ono, pangani thovu m'manja, sambani, tsukuluzani msanga, kenako dzolani mafuta. Katatu pa sabata basi. Ndipo osamusiya kubafa, akanyowa amasungunuka ngati phala. Muzimusunga pouma, pamwamba."

"Nanga ndikaiwala malamulo onsewa ndifunsa ndani?"

Zelifa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anasolola cholembera m'tsitsi, n'kumulemba nambala pamkono. Abale, chikondi chinayambira pamkono wathukuta!

Pofika Khirisimasi khosi la Chester linali see, ndipo mauthenga ankangothamangitsana.

"Duwa langa la ku Utale, lero ndameta anthu khumi koma m'galasi ndimangoona iwe."

"Samala bebi, ungadule khutu la munthu."

"Zeli wanga, ndikulonjeza. Tikangokolola, amalume akubwera kwanu. Sindidzakuchititsa manyazi mpaka kufa."

Lonjezo limenelo Zelifa analiwerenga kambirimbiri. Tsiku linakhazikitsidwa ndithu: Loweruka lachiwiri la Meyi, a Elliam, amalume a Chester, akaonekera ku Utale.

Tsono tamverani chimene chinaononga zinthu. Chester anauzidwa kuti pouma, pamwamba. Kwawo ku Machinga, m'chipinda mwake, malo ouma osafika nkhuku anali amodzi okha: kampata ka pamwamba pa chitseko. Inu mukudziwa zimene anthu amabisa pamwamba pa chitseko, eti?

Kutatsala sabata imodzi, amayi ake, Mayi Kachingwe, ankachotsa akangaude ndi tsache lalitali. Chinthu chinagwa, phi! Atamasula masambawo anakuwa mpaka anansi onse anathamangira.

"Mayo ine! Mwana wanga amutha!"

Chester atafika madzulo anapeza khonde ladzaza azimayi, chibulumacho chili pakati pa bwalo, wina aliyense atakhala patali.

"Amayi, ameneyo ndi sopo! Ndimasambira!"

"Sopo? Sopo wokulunga m'masamba? Sopo wokhala pamwamba pa chitseko? Sopo womera ndevu?"

"Anandipatsa Zelifa kuti..."

"Ehee! Ndiye ndi zimenezo! Chiyambire kusamba chimenechi, m'mawa Zelifa, masana Zelifa. Kutchalitchi umatuluka nyimbo yomaliza isanathe, ulendo wa ku Balaka. Unali wotere iwe?"

Azimayi onse anavomera ndi mitu. Chibuluma chinatayidwa m'chimbudzi, ndipo a Elliam anauzidwa kuti ulendo wa ku Utale kulibe.

Chopweteka si chimenecho. Chopweteka n'chakuti Chester naye anayamba kuganiza. Zoonadi, kale ankatero? Bwanji mtima unkagunda akangomva fungo la phulusa lija? Patatha masiku awiri analemba uthenga umene sakanayenera kulemba.

"Zeli, ndikufunse usakwiye. M'sopo muja mulibe china chake?"

Zelifa anauwerenga ali padepoti pomwe paja. Munthu amene anati sadzamuchititsa manyazi!

"Muli phulusa, mafuta ndi thukuta langa. Ngati ukuona kuti ndinakumanga, khala osasambira uone ngati undiiwale. Usandiimbirenso."

Analira mwana wa eni ake, analira mpaka maso anatupa. Mphekesera inaoloka Shire msanga kuposa minibasi. Azimayi ena akamadutsa pabeseni pake ankakoka amuna awo dzanja. Koma ena, taonani, ankabwera chozemba n'kunong'ona kuti, "Chemwali, ndipatseni wamphamvu uja munapatsa wometa. Bambo a kunyumba akuvuta." Zimenezo ndiye zinamupweteka koposa, moti anasiya kupita kudepoti.

Nanga Chester? Masabata atatu osakhudza sopo wakuda. Ziphuphu zinabwerera zonse ndi abale ake. Koma Zelifa sanachoke mumtima ngakhale pang'ono! Chakudya chinkangomuzizirira. Tsiku lina anameta mphunzitsi wina msewu pakati pa mutu, mpaka anachita kumumeta mpala.

Mayi Kachingwe anaona kuti zafika poipa. Chinthu anataya, nanga mwana akuonderanji?

"Vala nsapato," anatero m'mawa wina. "Tikupita ku Utale. Akakumasule pamaso panga."

Anafika dzuwa litakwera pang'ono, fumbi la kabaza lili m'nsidze. Kuseri kwa nyumba anapeza Zelifa ndi a Modester ali pantchito. Chitini choboola pansi, chodzaza phulusa, chinali pamwamba pa ndowa, madzi ofiirira akudontha, tho, tho, tho.

Zelifa anagwada n'kupereka moni kwa mayiwo. Koma sanamuyang'ane n'komwe Chester.

"Sindinabwerere moni," anatero Mayi Kachingwe. "Mundiuze chimene mumathira m'zinthu zanuzi."

A Modester anapukuta manja pachitenje, anayala mphasa pamthunzi.

"Mwabwera tsiku labwino, amayi. Khalani apa, muone kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tikamathira mchira wa fisi mutigwire dzanja."

Mayi Kachingwe anakhala, nkhope ili gwa. Koma maso awo sankachoka pachitini paja. Kenako anadzuka, ananunkhiza, anaviika chala m'ndowa n'kulawa.

"Aa! Ichi si chidulo ichi?"

"Ndi chomwecho, amayi," anayankha Zelifa motsitsa mawu. "Makoko a nthochi ndi zitsononkho, taumitsa, taotcha. Kungoti chathu timachiwiritsa kuti chikhale chaukali."

"Chidulo chimene ndimathira m'thelere?"

"Chomwecho."

Mayiwo anakhalanso pansi mwakachetechete. Anaonerera madzi aja akuwira mumphika waukulu. Anaona mafuta a mtedza akuthiridwa, anachita kupempha botolo kuti anunkhize. Anaona Zelifa akutakasa, thukuta lili kamukamu, mpaka zinthuzo zinalimba n'kuda. Dzuwa linapendeka, mchira wa fisi osaoneka.

"Nanga ndevu zoyera zija?" anafunsa, koma mawu anali atafewa.

A Modester analowa m'nyumba, anatuluka ndi lichero lodzaza zibuluma zimene zinkauma. Zonse zinali ndi kautoto koyera pamwamba.

"Akakhalitsa pamphepo amatero. Mukapukuta ndi chala, chatha."

Mayi Kachingwe anapukuta chimodzi. Anayang'ana chala chawo, anayang'ana mwana wawo, kenako anagwira pakamwa n'kuyamba kuseka, kuseka mpaka misozi.

"Iwe Chester, ndiwe wopusa ngati bambo ako! Sopo amaika pamwamba pa chitseko? Ndiye kuti sanakumange. Wangomukonda basi!"

Anatembenukira kwa Zelifa, anamugwira manja onse awiri.

"Mwana wanga, ndakulakwira. Pepa."

Chester anagwada pafumbi pomwepo, pamaso pa amayi ake ndi azakhali.

"Zeli, duwa langa, ndinayesa kukuiwala monga unanenera. Taona khosi langa, taona lamba wanga. Ndikhululukire."

Mukuganiza kuti anamukumbatira? Iyayi! Zelifa anamuyankha mosabisa.

"Amayi anaopa chifukwa sankadziwa. Koma iwe unkadziwa, Chester. Unandiyang'ana m'maso miyezi isanu ndi iwiri, n'kundifunsabe funso lija."

"Ndinalakwa."

"Manyazi munandipatsira pagulu. Mukandichotsere pagulu pomwepo. Amayi akanene kwa anzawo a pakhonde paja. Iwe ukanene kwa aliyense wokhala pampando wako wometera. Zikatero, amalume abwere."

Ndipo zinaterodi! Lachinayi lotsatira, kumsonkhano wa azimayi a kutchalitchi, Mayi Kachingwe anaimirira, anavula duku, n'kuonetsa mutu umene anatsuka ndi sopo yemweyo. Ankati wasiya kuwayabwa. Chester ndiye anatopetsa anthu. Ukangokhala pampando, makina asanalire n'komwe, wayamba: "Achimwene, ndikuuzeni mmene ndinapusira."

A Elliam anafika ku Utale mu Juni. Chinkhoswe chinachitika, nthungululu zinamveka mpaka kumtsinje wa Rivirivi, ndipo Zelifa anavina mpaka nsapato inaduka. A Modester akuti tsiku limenelo anapuma mpweya umene anaugwira mwezi wathunthu.

Koma kanthu kamodzi katsala, ndipo musati ndakuuzani ndine. M'foni mwa Zelifa, pamene kale panalembedwa "Wapamtima", pano palembedwa "Wometa". Chester amapempha tsiku ndi tsiku kuti abwezeretse, Zelifa amangomwetulira n'kunena kuti akuganizabe.

Nanga inu, mukanakhala Zelifa, mukanamubwezera liti dzina lakelo?