Tisingano ta Lachinayi

Anakumana pa siteshoni ya basi ku Petauke, tsiku limene Misozi ankachokera ku Lusaka kolandira mankhwala a khansa ya m'bere. Duku linabisa mutu wopanda tsitsi, koma maso ofiira analibe powabisa.

"Amai, maso aya alila kapena sagona?" anafunsa Titus, woyendetsa takisi, akumunyamulira chikwama.

"Sagona. Chiyambile mankhwala, tulo tinanithawa."

Pofika kwawo kwa Misozi ku Minga, mnyamatayo anali atatenga kale nambala yake ya foni. Pakamwa pa Titus pankatuluka uchi. "Njiwa yanga, ukasowa tulo uzinitumila foni, tisowele pamodzi," ankatero. Mameseji nawo osati masewera: "Tsitsi limamela, koma wina monga iwe sazamelanso." Ndi mtsikana uti akanalimba mtima? Misozi anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe.

Ndi Titus yemweyo amene anamuuza za Vivian, namwino wa ku Nyimba amene anaphunzira kubaya tisingano ta ku China. Dokotala wa ku Lusaka anavomera. Anati khansa tisinganoto sitichiza, koma odwala ena timawathandiza kugona.

Lachinayi lililonse Titus ankapita naye ku Nyimba. Vivian ankamugoneka kuseri kwa katani, n'kumubaya tisingano topyapyala pamphumi, m'makutu, m'manja ndi kumapazi.

"Osagwedezeka mpaka nibwele nitichotse," ankamuuza.

Posakhalitsa Misozi ankagona tulo tofa nato, ndipo kunyumba nako tulo tinayamba kumuyendera. Ankathokoza Mulungu pomupatsa anthu awiri abwino chotere.

Lachinayi lina nseru inamukaniza tulo. Anangotseka maso, ali gone chagada. Anamva katani ikusuntha, kenako Vivian akunong'ona.

"Wagona. Lomba niuze, Titus, uzamuuza liti? Ine nalema."

"Njiwa yanga, leza mtima," anayankha Titus. "Munthu odwala sungamusiye. Anthu ku chalichi azaniona bwanji? Akachilako, olo Mulungu akamutenga, ise tizamanga ukwati."

Njiwa yanga! Dzina lomwe lija, mawu ofewa omwe aja. Misozi anafuna kudzuka, kung'amba katani, kukuwa mpaka ogulitsa nthochi kumsewu amve. Koma akanadzuka bwanji, thupi lonse lili tisingano tokhatokha? Anagona pomwepo ngati nkhuku yomangidwa miyendo, misozi ikutsikira m'makutu. Mtima unamuwawa kuposa matenda.

Nanga akanathawira kuti? Wina wodziwa tisinganoto kufupi kunalibe, ndipo Lusaka ndi kutali. Kubwereranso kosagona kuja ankakuopa kuposa imfa.

Nthawi itakwana, Vivian analowa akumwetulira, nayamba kuchotsa tisingano kamodzikamodzi. Atafika kukhutu, dzanja lake linaima. Pilo anali atanyowa.

"Mwagona bwino, Misozi?"

"Lelo sininagone, asisita."

Titus anasuzumira pakatani, makiyi a galimoto ali m'manja. "Njiwa yanga, tiyende?"

Akazi onse awiri anatembenuka. Misozi anamanga duku lake pang'onopang'ono, natenga chikwama yekha.

"Nikwela basi, a Titus. Ku chalichi mukawauze kuti nakusiyani ndine." Kenako anayang'ana Vivian, amene kasingano kanali kakadali m'manja mwake. "Lachinayi nizabwela, asisita. Kwina kopeza tulo nilibe. Muzanibaya ndimwe, na manja yamene aya."