Chisa pa Mtanda Wakale

Timila amakhala mumzinda wa Bhaktapur. Nyumba yawo ndi yakale kwambiri. Ndi ya njerwa zofiira. Mazenera ake ndi a matabwa osema.

Tsiku lina kunachita chivomerezi. Khoma linang'aluka. Denga linapendekeka.

Nyumba za m'dera lawo saloledwa kuzigwetsa. Amazikonza kuti zikhale monga kale. Njerwa zomwezo. Matailosi a padenga omwewo. Simenti ayi, koma dothi.

Amalume a Timila, a Purna, ndi mmisiri. Anabwera ndi anzawo. Anatsitsa matailosi. Anatsitsa njerwa za khoma long'aluka.

"Mtanda uwu wadyedwa ndi chiswe," anatero amalume. "Utsika lero lomwe."

Timila anayang'ana m'mwamba. Pa mtandapo panali chisa cha namzeze. M'chisamo munali tiana. Tinali tisanamere nthenga.

Timila anaima pa makwerero. Anagwira zolimba.

"Choka apo, mphwanga," anatero amalume.

"Sindichoka, amalume. Muli ana umo."

"Ndiye abale ako amenewo?"

Amisiri anaseka. Timila sanaseke.

Bambo ake anabwera. "Timila, mvula ili pafupi. Ikatipeza opanda denga, makoma asungunuka. Tidzagona kuti?"

Timila anayang'ana khoma long'aluka lija. Kenako anafunsa, "Bwanji muyambe ndi khoma?"

"Njerwa zake sizinapalidwe," anatero amalume. "Zili ndi dothi lakale. Taona mulu wake. Apale ndani?"

"Ine."

"Iwe? Ndi timanja timeneto?"

Timila anathamanga. Anaitana mnzake Matina. Anaitana ana a m'bwalo lonse.

Ana anapala njerwa. Anapala, anapala. Amisiri anamanga khoma. Anamanga, anamanga.

Tiana ta namzeze tinamera nthenga. M'manja mwa Timila munatuluka matuza.

Khoma linatha. Mitambo inayamba kuda.

Kamwana kena kanauluka. Kena kanauluka. Koma kamodzi kanatsala. Kanangosuzumira pansi.

Kutali kunagunda bingu.

"Mawa mtanda utsika," anatero amalume. "Kauluke, kasauluke."

M'mawa amalume anaika makwerero. Anakwera pang'onopang'ono. Timila anaima pansi. Anayang'anitsitsa chisa.

"Uluka, iwe," anatero Timila. "Chonde uluka."

Mutu wa amalume unafika pa chisa. Kambalame kanaona ndevu zawo. Pululu! Kanadutsa pa khutu lawo. Kanatulukira pa zenera.

"Kathawa ndevu zanu, alamu!" anafuula bambo.

Amisiri anatsitsa mtanda wakale. Anakweza watsopano. Aliyense anagwira ntchito. Mayi anapereka matailosi kwa Timila. Timila anapereka kwa bambo. Bambo anapereka kwa amalume.

Tailosi lomaliza linakhala m'malo mwake. Dontho linagwa pa mphuno ya amalume. Anatsika msangamsanga.

Mvula inagwa yambiri. Madzi anayenda mumsewu ngati mtsinje. M'nyumba munali mouma.

Mayi anabweretsa chambiko chotsekemera mu kambiya ka dothi. Onse anakhala pa mphasa.

"Ndione manja ako," anatero amalume.

Timila anatambasula manja. Amalume anawayang'ana. Anapukusa mutu.

"Awa sangagwire supuni lero," anatero.

Amalume anatapa chambiko. Anamudyetsa okha.