Ndodo Yoyezera Nsalu ya Amayi a Pansi

Nkhani iyi sindinaimve kwa munthu. Inandichitikira ineyo, masanasana dzuwa likuswa mtengo, m'chipinda chomwe ndakhalamo panomu. Mboni zilipo ziwiri. Woyamba ndi amuna anga, amisiri a zamagetsi, munthu wosakhulupirira chilichonse chopanda waya. Wachiwiri ndi bambo amene amasunga makiyi a nyumba yathu yosanjayi, amene tonse timangowatcha a Makiyi. Mukawafunsa adzakuuzani zomwezi, ngakhale amuna angawo adzayamba atsokomola kaye.

Ine ntchito yanga ndi yopanga nyimbo zovina pa kompyuta. Kuimba ayi, mawu anga akhoza kubalalitsa kwaya yonse. Changa n'kulumikiza ng'oma, besi ndi timaphokoso tina mpaka munthu amene anabwera kudzangokhala pampando apezeke waimirira. Ntchitoyi ndimaikonda, koma ili ndi vuto limodzi: kusowa munthu wokuuza zoona. Ukatumizira anzako nyimbo ya mphindi zisanu, mphindi imodzi isanathe akuyankha kale kuti, "Moto, mlongo, moto!" Amuna anga nawo chilichonse amati n'chabwino, chifukwa amakonda mtendere pakhomo. Ndi moto womwewo ndinatumiza nyimbo kumakampani khumi ndi awiri ofalitsa nyimbo, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inandiyankha.

Woyamba kundiuza zoona anali mayi wachikulire amene ankakhala kunsi kwa chipinda changa. Anali telala, wamasiye, wosadziwa kuzungulira polankhula. Tinkawatcha Amayi a Pansi. Tsiku lina ndikumvetsera nyimbo yatsopano pa masipika, ndinamva pansi pa mapazi anga kuti gu, gu, gu. Ndinatsika ndi manyazi kuti ndikapepese za phokoso.

Ndinawapeza ataima pafupi ndi makina awo osokera, ndodo yoyezera nsalu ili m'manja, kunsonga kwake kuli mbuu ndi laimu wa kudenga.

"Pepani amayi, nditsitsa," ndinatero.

"Utsitsa chiyani? Wadandaula za phokoso ndani?" anandifunsa. "Mwanawe, ine makinawa ndimapalasa motsatira ng'oma zakozo. Phazi limayenda bwinobwino, ndiye pakatipo waikapo chiyani? Phazi laima, msoko wakhota. Kachotse chimenecho."

Ndinakwera masitepe nditatupa. Telala angadziwe chiyani za nyimbo za pa kompyuta? Koma nditamvetseranso, ndinapeza kuti pamene ankanenapo panalidi podzitama chabe, pofuna kuti anthu aone kuti ndimatha. Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa sanadikire n'kugonera komwe.

Kuyambira pamenepo tinapangana. Masipika ndinkatsegula kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko madzulo, nthawi imene iwo ankasoka. Nyimbo ikawakomera, ankaimirira n'kumagogoda denga motsatira ng'oma. Akagogoda katatu mofulumira, ndiye kuti chotsa. Ine mbali yanga inali yowalowetsera ulusi m'singano khumi m'mawa uliwonse, popeza maso anali atayamba kuwavuta. Ndikayesa kuwatsutsa ankangoti, "Pakamwa pamanama, phazi silinama." Tinayenda choncho zaka zitatu, ndipo nyimbo zanga zinayamba kumveka m'malo ovinira. Ndinali wosangalala, sindibisa.

Kenaka anadwala sabata imodzi yokha, n'kutisiya. Mwambo wa maliro utatha, mwana wawo wamkazi anadzatenga makina, bedi ndi katundu yense. Potuluka anandipatsa ndodo ija. "Amayi ankati iyi ndi yanu," anatero. Ndinaipukuta ndi nsanza yonyowa mpaka laimu yense atachoka, n'kuiimika pakona, kumbuyo kwa mpando wanga. A Makiyi anasesa m'chipinda cha pansicho, anakolopa, n'kukhoma.

Patangotha masabata atatu, inabwera kalata pa foni imene ndinakhala ndikuidikira zaka zonsezo. Kampani ina yakunja inali itamva nyimbo yanga kwinakwake. Anati ndiwatumizire nyimbo yatsopano imodzi yokha pofika Lachisanu, ikawakomera tigwira ntchito limodzi. Mwayi wotere sudikira munthu. Ndipo unabwera khutu langa litagona kumanda.

M'foni mwanga munali kanthu kamene ndinajambula tsiku lina tikucheza: makina awo akulira, iwo akuseka, kenaka n'kunena mawu awo aja a phazi. Kulira kwa makinako ndinakuika pansi pa ng'oma kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kunakhala bwino zedi. Koma pakati pa nyimboyo ndinazimitsa ng'oma zonse. Kwa mphindi imodzi ndi theka munangotsala piyano yapansipansi, kuseka kwawo ndi mawu awo aja. Gawo limenelo ndinalipanga ndikulira, ndipo ndinalikonda kuposa china chilichonse chimene ndinapangapo. Anzanga anati moto. Amuna anga anati n'chabwino, maso ali psuu. Komabe mtima wanga sunakhazikike, ndipo wofunsa panalibe.

Lachinayi, 2 koloko itakwana, ndinatsegula masipika mwachizolowezi chabe. Amuna anga anali ataweruka msanga, atakhala pakhomo la chipindacho akukonza pulagi ya ayironi. Zenera linali lotsegula. Panja ana ankasewera mpira, wina ankachapa.

Choyamba chinali fungo. Mafuta a makina osokera, ndi nsalu yatsopano ikamasitidwa. Ndinayang'ana ayironi ija. Inali yosalumikiza.

Kenaka madzi a m'kapu yanga anayamba kunjenjemera.

Gu. Gu. Gu. Gu.

Pansi pa mapazi anga penipeni. Motsatira ng'oma, osaphonya.

Amuna anga anasiya pulagi. "Ndi mapaipi," ananong'ona.

"Mapaipi amatha kuvina?" ndinawafunsa.

Anangoyang'anitsitsa kapu ija.

Nyimbo inafika pakati. Ng'oma zinazima. Piyano inalowa, Amayi a Pansi n'kuyamba kuseka m'masipika. Kunsi kunangoti zii. Ana aja panja sindinkawamvanso.

Gu-gu-gu.

Katatu. Mofulumira.

"Bwezani," anatero amuna anga.

Ndinabweza nyimbo poyambira. Zinachitika chimodzimodzi. Ndinabwezanso. Malo omwewo, katatu komweko.

Amuna anga anatuluka osavala nsapato n'kubwera ndi a Makiyi. Tinatsika atatu. Chitseko chinali chokhoma. A Makiyi anatsegula, anakankha, koma iwo sanalowe.

M'chipindamo munalibe kanthu. Makatani munalibe, mpando munalibe. Koma fungo la mafuta lija linali tho. Pasimenti pankaonekabe zipsera zinayi pamene pankaima miyendo ya makina. Pambali pake panali titagwera tizidutswa ta laimu, toyera, pamalo pamene a Makiyi anakolopa okha. Tinayang'ana kudenga. Pakati pa madontho akale, odetsedwa ndi zaka, panali ena atsopano.

A Makiyi anavula chipewa. "Kiyi wake ndi uyu," anatero motsitsa mawu. "Chichokereni mwana wawo sanatuluke m'thumba mwangamu."

"Nanga ndodo aitenga kuti?" anafunsa amuna anga. Anangozindikira mochedwa kuti anena "aitenga".

Tinakwera mothamanga. Ndodo inali pakona pomwepo, kumbuyo kwa mpando wanga, mmene ndinaiimikira. Kunsonga kwake kunali mbuu.

"Munati munaipukuta," anatero amuna anga.

"Ndinaipukuta."

Anaikhudza ndi zala ziwiri n'kubweza dzanja msanga. "Ikufunda," anatero. Anakhala pansi pomwepo, ndipo za mapaipi sanazitchulenso.

Ndinene zoona, mantha anandigwira. Koma mantha atachepa, chimene chinabwera ndi mkwiyo, womwe uja wa tsiku loyamba pa masitepe. Ndinawerama n'kulankhula ndi simenti ngati wamisala.

"Amayi, gawo limeneli ndi lanu. Ndapangira inu. Mwa zonse, muchotse limeneli?"

Yankho sindinkalifunanso, chifukwa zaka zitatu zinali zitandiphunzitsa zimene akananena: mwanawe, anthu abwera kudzavina, iwe ukuwaitanira kumaliro anga? Ndinamvetseranso gawolo, ulendo uno ndikuyang'ana phazi langa. Ng'oma zitangozima, linaima. Linaimabe mphindi yonse ndi theka.

Ndinalidula. Piyano, kuseka, mawu aja, zonse. Ndinangosiya kampata kakang'ono, kokwanira munthu kupuma kamodzi, kenaka ng'oma n'kubwerera ndi mphamvu. Misozi inkagwera pa tebulo, koma dzanja linadula bwino. A Makiyi anali ataima pakhomo chipewa chili pachifuwa. Ndinatsegulanso masipika.

Amayi a Pansi anagogoda kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pa kampata kaja anadikira nafe, ng'oma zitabwerera analowa nazo limodzi. Nyimbo itatha kunakhala chete, fungo lija n'kuyamba kuzimiririka. Ndinamvanso mpira wa ana panja.

Ndinatumiza Lachisanu m'mawa. Patapita masiku asanu ndi atatu anayankha kuti aitenga, ndipo wosankha nyimbo wawo analemba kuti sanapezemo chochotsa. Ndinaseka ndekha, chifukwa wochotsa anali atadutsamo kale.

Pano papita chaka. Ndatulutsa nyimbo zitatu ndi kampani ija, ndipo ndaonapo ndi maso anga khamu la anthu osandidziwa likudumpha motsatira makina osokera a Amayi a Pansi. Kunsi kunalowa banja lina, anthu aulemu, amati sanamvepo chachilendo. Pa nyimbo zatsopanozi kugogoda sikunabwerenso. Ndimangoyang'ana phazi langa, ndi la amuna anga, amene pakamwa amanenabe kuti chilichonse n'chabwino osadziwa kuti chala chawo chachikulu chimawaulula. Moyo ukuyenda, ndilibe chodandaula.

Koma gawo lija sindinalitaye. Ndinalisunga pa kompyuta. Mwezi watha, tsiku limene Amayi a Pansi anakwanitsa chaka chimwalirireni, ndinawasowa kwambiri. Anali masana, ndili ndekha m'nyumba. Ndinatseka chitseko, masipika sindinayatse. Ndinavala mahedifoni, n'kutsitsa mawu mpaka pansi, kuti pasapezeke wina aliyense wakumva koma ine. Piyano inalowa. Anayamba kuseka.

Gu-gu-gu.

"Pepani amayi," ndinatero.

Ndinazimitsa, n'kubwerera pa ntchito.