Ulendo wa Bizwick ku Tchalitchi cha Mafupa

Mwana wopanda dzino ngakhale limodzi sangakukute mano. Chrissie ankadziwa zimenezi. Koma usiku wa Lolemba uja, kawailesi komvera mwana kamene kanali pamutu pa bedi lake kanayamba kutulutsa phokoso limene iye ankangolimva kuntchito, kunyumba yosungirako okalamba mumzinda wa South Bend ku Indiana: kukutu, kukutu, ngati nkhalamba ikutafuna chimanga chokazinga ndi mano am'mbali.

Anadzuka, nayenda monyang'ama kupita kuchipinda cha mwana. Munali mdima wa ndiweyani, hita ikulira pansipansi, chisanu chikukanda pawindo. Mwanayo, Atupele, anali m'tulo, zibakera zili chofumbata, dovu likutsikira pakhosi. Phokoso linali litasiya.

Mwamuna wake, Sosten, ankagwira ntchito ku Indianapolis, nkumagona kwa mnzake ku Beech Grove mpaka Loweruka. M'nyumbamo pakati pa sabata munkatsala Chrissie, mwana, ndi mlamu wake Bizwick, mng'ono wa Sosten, amene ankaphunzira payunivesite nkumagona m'chipinda chapansi. Bizwick anali mmodzi wa anthu aja amene sukulu imawalowa mpaka kuwachotsa mantha ndi manyazi omwe. Anali atangobwera kumene kuchokera kumsonkhano wa ophunzira ku Prague, ndipo Lamulungu madzulo, anthu ali pa chakudya, anatulutsa kamera.

“Anzanga onse anagona kuhotela,” anatero Bizwick akutafuna. “Ine ndati ndabwera ku Ulaya kudzagona? Ndinabukitsa tikiti, nkukwera sitima ndekhandekha m'mamawa mpaka ku Kutna Hora. Mzinda wakalekale, alamu, misewu yamiyala, kale ankakumbako siliva. Kasiteshoni kake kali zii, palibe womufunsa njira. Ndinangoyenda wapansi mpaka ndinapeza katchalitchi kena. Ukatsika masitepe umapeza izi.”

Anadutsitsa kamera pamwamba pa mbale ya ndiwo. Chrissie anayang'ana. Zibade za anthu zinali zitaunjikidwa ngati maungu pamsika wa Lizulu. Kudenga kunkalendewera chinyale chachikulu cholukidwa ndi mafupa a manja ndi nsagwada. Pachithunzi chomaliza panali Bizwick mwini wake, akumwetulira mano onse pamtunda, mutu wake utagundana ndi mutu wa munthu wakufa. Nyama imene Chrissie ankatafuna inakana kutsika. Anailavulira m'kapepala.

“Amenewa ndi manda, alamu,” anatero. “Mwalowa kumanda, simunasambe ndi m'manja momwe pakhomo, nkufikira kunyamula mwana wanga?”

“Tarilaksani, alamu. Ndi museum, malo oonetserako zakale, timalipira pageti. Akufa achizungu anazolowera kujambulidwa.”

Sosten anaseka mpaka kutsamwa. “Musiyeni, mayi a Atupele. Pa eyapoti anamuchekinga kale, mizimu sinadutse.”

Chrissie sanaseke. Kwawo ku Ntcheu munthu wochokera kumanda sakhudza khanda asanasambe, ndipo lamulo limenelo silifunsa ngati mandawo ndi a Angoni kapena a azungu. Anachoka patebulo.

Usiku wachiwiri phokoso linabweranso, lalitali kuposa loyamba, ndipo pakati pa kukutu kukutu pankamveka kaphokoso kena kouma, kete, ngati mwala wagunda mwala. Chrissie anaima pakhomo la mwana, dzanja lili pachitseko, akumvetsera. Atatsegula kunali chete. M'mawa anapeza labala wa botolo la mkaka ataphwanyika, wathyathyathya ngati nzimbe yotafuna kale. Anaika chala m'kamwa mwa Atupele. Nkhama zinali zosalala.

Lachitatu mwana anamuluma bere. Chrissie anakuwa, ndipo atayang'ana anapeza bala lalikulu, lotakata, losayenerana ndi kakamwa kotere. Pamene ankaweramira mwanayo kuti amutonthoze, mpweya wa m'kamwa mwake unamuwomba kumaso. Fungo limenelo ankalidziwa. Kuntchito amatsuka m'kamwa mwa nkhalamba zimene mano anawolera m'mutu, ndipo amachita kubanika mpweya mpaka atamaliza. Tsopano fungo lomwelo, losakanikirana ndi la dothi lonyowa, linkachokera mwa mwana wake wonunkhira mkaka dzana lomweli. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Ananyansidwa ndi mwana wobereka yekha, ndipo kunyansidwako kunamupweteka kuposa bala.

Kuchipatala dokotala anaunika ndi katochi, nati mwana watentha pang'ono thupi, mano ali pafupi kumera, palibe chodetsa nkhawa. Fungo sanalimve, kapena anadziletsa mwaulemu. Koma Atupele anasiya kuyamwa. Liwombo linayamba kulowa, maso nkumangoyang'ana kudenga, nsagwada zikuyenda pang'onopang'ono ngati za mbuzi yobzikula.

Nkhani ya Amalawi ku Indiana siyenda pansi. Madzulo a tsiku lomwelo foni inalira kuchokera kutauni ya Lawrence. Anali mayi Magdalene a kumpingo, akulankhula monong'ona ngati wina akuwamvera kuseri kwa chitseko.

“Mayi a Atupele, ine sindinanene kanthu. Koma akuti alamu anuwo ku Ulaya sanapitire sukulu yokha. Munthu amakwera sitima yekha kukaona mafupa? Ena akuti anakakhwima kuti apase mayeso. Mwanayo muzigona naye.”

Chrissie anaimbira Sosten. Iye anati akuwekinga dabulo, usana ndi usiku, abwera Loweruka, ndipo azimayi a kumpingo asowa chochita.

Chrissie anayesa kugona naye mwanayo Lachinayi, koma fungo linadzaza chipinda mpaka mapilo. Pakati pa usiku anamubweza pakabedi kake, akulira ndi manyazi, nadzakhala pansi m'khonde la m'nyumba, kawailesi kali pamiyendo. Magetsi a mumsewu ankalowa pang'ono pansi pa katani. Kukutu, kukutu, kete. Kukutu, kukutu. Kenako phokoso linaduka mwadzidzidzi, ndipo m'malo mwake munamveka kakulira kopyapyala, ka mpweya wosowa podutsa.

Anathamanga. Atupele anali atada milomo, maso ali tong'o. Chrissie anamugoneka chafufumimba pamkono wake, namumenya pamsana monga anaphunzitsidwira, kamodzi, kawiri, mpaka chinthu china chinagwa pansi nkugubuduka. Mwana anakoka mpweya, nalira.

Chrissie anayatsa getsi. Pansi panali dzino la munthu wamkulu, lam'mbali lotafunira, lofiirira ngati la wosuta fodya, lili ndi mizu yake yopindika ndi bowo lakuda pakati. Linali lonyowa ndi malovu a mwana wake. Analitola ndi thewera, natsika masitepe mwana ali paphewa, nagogoda chitseko cha Bizwick ndi phazi.

Bizwick anatuluka akutikita m'maso. Ataona chimene chinali pathewera, nthabwala zonse zinamuthera.

“Alamu,” ananong'ona, “ndinatola limodzi lokha. Linali pansi, pakona, palibe amene ankalifuna. Ndimati chikumbutso chabe.”

“Munthu wa mayi wake ameneyo, inu nkumuika m'thumba ngati mtedza?” anatero Chrissie. “Mwana wanga wakhala akuyamwa chonyansa chimenechi sabata yonse. Munachitaya pati?”

“Sindinataye. Sindinachitulutse nkomwe.”

“Musandinamize, alamu.”

Bizwick anagwada, nakoka sutikesi pansi pa bedi. Inali yokhoma. Anaitsegula ndi kiyi. Pansi pa zovala zosachapa anatulutsa kabotolo ka mankhwala a mutu, kokulungidwa ndi tepi mpaka pachivindikiro, tepiyo yosadulidwa paliponse. Anakagwedeza pafupi ndi khutu. M'katimo munalira kanthu kouma.

Anadula tepi ndi kiyi, nakhuthulira m'dzanja lake. Dzino lake linali momwemo, lofiirira, la mizu yopindika. Analiyang'ana, nayang'ana linzake lili pathewera.

Atupele anali atasiya kulira. Mutu wake wotentha unali pakhosi pa mayi ake, ndipo Chrissie anamva nsagwada zazing'onozo zikuyambanso kuyenda pakhungu lake. Anakhala pansi pamasitepe, namugoneka mwanayo pamiyendo. Sanafune kutero, thupi lake lonse linkakana, koma mayi sathawa m'kamwa mwa mwana wake. Analowetsa chala, nachiyendetsa pankhama zakutsogolo. Zinali zosalala. Anachipititsa mkati, kumbuyo kwenikweni, kumene khanda silikhala ndi kanthu.

Kumeneko nkhama inali itang'ambika, ndipo chinthu chotakata, chokhakhala, chozizira, chinali chitatulukira kale theka.