Keke ya Mlongo Wake

Anakumana pa siteji ya minibasi ku Santhe mu Epulo, malole a mabelo a fodya akudutsa ndi fumbi lawo. Ennie, wopanga makeke, anali atakumbatira chidebe cha fondanti, shuga wokandidwa uja amakutira keke kuti isalale ngati mbale. Dominic, mlangizi wa alimi a fodya, anatambasula ambulera n'kuphimba chidebecho, mwiniwake n'kumusiya padzuwa.

"Mwaphimba chidebe, ine ayi?"

"Inu ndinu shuga wosasungunuka, mayi."

Mawu otchipa chonchi, mtsikana wa dipuloma yake n'kuseka? Anaseka. Nambala anaperekanso.

Mauthenga anayamba kugwa. "Uchi wanga, wadzuka bwanji?" "Msika wa fodya ukangotsekedwa, ankhoswe anga afika kwanu." Msika unatsekedwa. Ankhoswe sanafike. Mu Okutobala kunafika oda.

"Mlongo wanga Tithokoze ali ndi chinkhoswe ku Wimbe," anatero Dominic. "Keke yake ipangidwe ndi manja a mlamu wake."

Mlamu! Liwu limeneli linamugwiritsa ntchito Ennie sabata yathunthu. Fondanti wopanga yekha ndi mashimelo, maswiti ofewa aja, amalefuka kukatentha, choncho anaitanitsa wolimba kuchokera ku Lilongwe. Anamukanda mpaka mikono kuwawa, akuthira mtundu dontho limodzilimodzi kufikira utafanana ndi kansalu ka chinkhoswe kamene Dominic anabweretsa. Maluwa okha anaumba masiku atatu.

"Ndipite nawo, ndikaikonze pa tebulo ndekha?" anafunsa Ennie tsiku limene Dominic anabwera kudzatenga keke.

"Ayi, mtima wanga, fumbi la ku Wimbe lingakudetse. Kwathu udzafika mwaulemu wake."

"Chabwino. Koma isalowe mufiliji. Ikatulukamo imachita thukuta."

"Ndamva, dokotala wa makeke," anayankha Dominic, maso ali pafoni.

Loweruka m'mawa kunaimba nambala yachilendo.

"Ndinu a Ennie a makeke? Nambala ndaiona pakatoni. Ndine Tithokoze, mwini chinkhoswe. Asisi, keke yanyowa yonse, mtundu wayamba kuyenderera. Dzulo kunatentha, ndiye a Dominic anakaigoneka mufiliji ya pagolosale."

"Achimwene anuwo samva. Ndinawauza."

"Achimwene?" Tithokoze anaseka. "Iyayi, a Dominic ndiye mwamunayo. Ine alongo ndilibe."

Ennie anakhala pansi pa thumba la ufa. Anayang'ana zikhadabo zake, zikadali ndi mtundu wa nsalu ya mkazi mnzake. Miyezi isanu ndi umodzi ya "uchi wanga", kuti mapeto ake aphikire mwamuna wake keke yotomerera wina?

"Halo? Asisi, mulipo?"

"Ndilipo. Musaipukute, musaikhudze ngakhale ndi chala. Iikeni pamthunzi, muyatse fani chapatali. Iuma yokha."

"Mulungu akudalitseni. Mwandipulumutsa."

Atangodula, uthenga wa Dominic unalowa: "Uchi wanga, keke yafika bwinobwino. Mlongo wanga akufunitsitsa atakuona."

Ennie anauwerenga kawiri. Munthu wolephera kusunga keke usiku umodzi, ankaganiza kuti asunga akazi awiri mpaka liti? Misozi inabwera, inde, koma anaipukuta. Anasankha mauthenga onse, kuyambira wa Epulo mpaka wa m'mawa umenewo, n'kuwatumiza ku nambala ya Tithokoze. Pansi pake analemba:

"Asisi, keke iuma pofika teni koloko. Nthawi yowerenga muli nayo."